Injini Yathu, Mpando wa Bana Chanda

Bwera nayo kuno foniyo, Taonga, ndiyionenso. Ayi, usandigwirire, manja ndili nawo. Ndiye imeneyi ndi galimoto yako? Yofiira ngati tomato wa pamsika wa Soweto. Waigula usanaikhudze, usanainunkhize, usanamve n'komwe mmene imatsokomolera m'mawa. Ukuti ili pa sitima ya pamadzi, idzatsikira ku Dar es Salaam, ndipo munthu amene sunamuonepo nkhope adzaiyendetsa mpaka pamalire, pa Nakonde. Ana inu ndinu olimba mtima. Kwathu ku Katete amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Nanga wa pafoni tidzati ngwa yani?

Musaseke. Sindikukana kuti ndi yokongola. Ndikuchita nsanje basi, ndipo ndikunena poyera. Mtsikana wa msinkhu wako, wosakwatiwa, laisensi m'chikwama, galimoto yakeyake! Komanso ndamva mukunong'onezana kuti tsiku loyamba kutsogolo kudzakhala mnyamata wa ndevu uja amene amabwera kudzatha tiyi wanga. Khalani pansi nonse. Iwenso Yamikani, chotsa zingwezo m'makutu. Za mpando wakutsogolo muzifunsa ine, chifukwa mpando umenewo unandidyera zaka zabwino za ukwati wanga.

Masiku athu galimoto inkagulidwa ngati mmene amafunsira mbeta, unkayamba wadziwa kwawo. Ambuya anu aamuna, aSakala, ankasunga katundu pa kampani ina ya boma. Anamva kuti mmwenye wina wa ku Kamwala akugulitsa kagalimoto kobiriwira, ka mtundu uja unkamangidwa ku Livingstone. Inde, Yamikani, m'dziko muno ankamanga magalimoto, usatuzule maso. Zitsulo zinkabwera m'mabokosi kuchokera kunja, anthu athu n'kumalumikiza. ASakala anapita kukaiona mobwerezabwereza. Anamenya matayala ndi nsapato. Anagona pansi pake atavala malaya a kuntchito, amene ndinachapa ndine. Anakhazika sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake pakhutu, n'kumamvetsera atatsinzina. Anakokera ngakhale mlonda wa mmwenyeyo pambali n'kumufunsa ngati bwana wake amayendetsa mwaukali. Atakhutira ndiye anabwera nayo kuno ku Matero, akuliza hutala kuyambira pamsika.

Choncho musaganize kuti ndinabadwira kumbuyo. Kutsogolo ndinakhalako, duku nditamanga, anthu akundipatsa moni ndi manja awiri. Koma sizinakhalitse.

Nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala ba Mulenga, Mbemba wa ku Mufulira, ndi mkazi wake bana Chanda, ndiye kuti amake Chanda. Nawonso anali ndi galimoto ya mtundu womwewo, yawo yoyera. Ine ndi bana Chanda tinkabwerekana mchere ndi moto wa mbaula, koma sitinali a chikondi kwenikweni. Anali mkazi wamtali, wa wigi ndi wotchi yagolide, woyenda ngati pansi pali minga.

Kenako dziko linayamba kutsetsereka. Mkuwa unagwa mtengo, m'masitolo munatsala mashelefu okhaokha. Inu mukati chinthu kulibe mumatanthauza kuti mtundu umene mumaukonda watha. Ife kulibe kunali kulibe. Ukaona mzere unkayamba waimapo, kufunsa chimene akugulitsa unkafunsa uli kale pamzerepo. Ufa mzere, sopo mzere, mafuta ophikira mzere. Masipeya a galimoto ndiye analibe ngakhale mzere woti uimepo. Mapulagi tinkawaotcha pa mbaula kuti apsenso moto. Lamba wa injini akaduka, amuna ankabwera kudzapempha sokisi zathu zazitali zija za kutchalitchi. Batire inkagona m'nyumba, pansi pa bedi, kuopa akuba. Msewu uliwonse wa Matero unali ndi galimoto yokwera pa njerwa, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala.

Loweruka lina kunamveka kuti ufa wabwera. Tinathamangira kusitolo, aSakala anaimika galimoto pambali, tonse tinalowa pamzere. Lole yobweretsa ufawo, pothawa khamu limene linkaikwera ngati nyerere, inabwerera chambuyo osayang'ana. Tinangomva phwa! Mbali yonse ya kagalimoto kathu inalowa m'kati ngati chitini chopondedwa. Palibe anavulala. Ufa tinaupeza, ndipo ndinausenza pamutu mpaka kunyumba, ambuya anu akubwera m'mbuyo atanyamula galasi limodzi limene linapulumuka.

Chaka chomwecho galimoto ya ba Mulenga inafa injini. Amakanika anati yanoka, palibe chochita. Ndiye pabwalo lathu panali chigoba chophwanyika chokhala ndi injini yamoyo, pabwalo lawo thupi loyera losalala lokhala ndi injini yakufa. Tsiku lina ba Mulenga anadumpha mpanda n'kupeza aSakala akuliza injini yathu, monga ankachitira m'mawa uliwonse kuti isaiwale ntchito.

"Ba Sakala," anatero, "imwe muli na mutima ulibe thupi. Ine nili na thupi ilibe mutima. Manje tinkale chabe tonse tiyenda na mendo?"

ASakala anapukuta m'manja n'kuyankha mwa Chichewa chawo chakumudzi chija kuti, "Mutu umodzi susenza denga."

Anamanga tcheni pa nthambi ya mango uja mumakwerapo inu, anazula injini yathu n'kuitsitsira m'thupi la galimoto ya ba Mulenga. Ine ndinawira tiyi wopanda shuga, ndikuyimba, ndikuti amuna athu ali ndi nzeru. Funso limodzi lokha sindinafunse. Nanga anthu adzati galimotoyi ndi ya yani?

Yankho linabwera lokha. Mapepala ndi nambala zimatsata thupi, wapolisi pamsewu satsegula kutsogolo kuti aone mtima. Choncho woyendetsa anakhala ba Mulenga. Iwo anali ndi geti la waya, choncho galimoto inkagona kwawo. M'mawa uliwonse ndinkamva injini yathu ikutsokomola pabwalo la eni. Ndinkaidziwa mawu ake, inkayamba ndi kutsokomola kawiri katatu ngati nkhalamba ya fodya, kenako n'kulongosoka. Zinkandipweteka ngati kumva mwana wako akuitana mkazi wina kuti amayi.

Lamlungu loyamba tinavala zathu zabwino n'kupita kukakwera. Tinapeza bana Chanda ali kale kutsogolo. Sanatuluke kuti atipatse moni, sanafunse n'komwe kuti, amake Dalitso, kodi lero mukhala kuti? Anangotembenuza khosi pang'ono n'kunena kuti, "Mwauka bwanji mukwai, ngenani," ndiye kuti lowani. Pamiyendo anaunjikapo chitenge chatsopano cha ku Zaire, dzanja lamanzere analitulutsa pazenera, wotchi ikuwala. Ine ndi ambuya anu tinapanikizana kumbuyo, atate wako Dalitso ndi mnzake Chanda atatikhalira pamiyendo. Ndinadziuza kuti sabata yamawa tisinthana.

Sabata yamawayo sinafike. Kaya tikupita kutchalitchi, kaya ku Chawama kukaona odwala, kaya ku Kafue kukagula nsomba, mkazi uja tinkamupeza atakhala kale. Tikafika kumene tikupita ankadikira tonse tituluke, tiyende pang'ono, ndiye iye azitsika payekha ngati mkazi wa nduna. Chitenge pamiyendo ngakhale mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Dzanja panja ngakhale mvula ikugwa, kuti Matero yense aone kuti ali ndi wotchi. Popereka moni kwa anthu sankakweza dzanjalo ayi, ankangogwedeza nsonga za zala. Ndipo pa kona iliyonse ba Mulenga ankaweramira kwa iye n'kumunong'oneza kamawu. Ine kumbuyo mtima uli juu, ndikuti taonani, akunyengererana pa injini yathu.

Chimene chinandimaliza ndi cha pampopi. Ndikutunga madzi, mayi wina wa mulomo anati, "Amake Dalitso, imwe muli na mwayi. Ba Mulenga bamakupasani lifti Sande iliyonse, osalipila."

Lifti! Ndinatula chidebe. "Imwe, injini ija ni yathu!"

"Ooh? Ili kuti kansi? Ise timaona chabe motoka ya white."

Anaseka mpaka wina anataya madzi. Ndinafika kunyumba n'kuwauza ambuya anu kuti akazule injini yathu lero lomwe, bola izilira pabwalo pathu osapita kulikonse. Iwo anali munthu wofatsa mokwiyitsa. Anati, "Amake Dalitso, mtima suoneka, koma ndiwo umayendetsa munthu." Ine ndinati, "Anthu sapatsa moni mtima, amapatsa nkhope." Anangoseka n'kupitiriza kusoka nsapato yawo.

Ukuti chiyani, Yamikani? Kuti zikubwerazi ndi zamagetsi, zilibe injini n'komwe? Kuno kumene magetsi amabwera ngati mlendo, osalonjera, n'kuchoka osatsazika? Chabwino, mugule. Koma galimoto yopanda injini, ife a Sakala tikanasonkha chiyani? Ngakhale ya Taongayi, ndamva kuti ukailiza mumatuluka mawu a mkazi wa ku Japan akulankhula zakwawo. Mwina akukuuza kuti mabuleki kulibe, iwe n'kumayankha kuti zikomo. Ikafa simudzaizula mtima pansi pa mango, mudzaitana mnyamata wa kompyuta. Koma ndisasochere.

Ndinanyanyala. Nyengo yonse yozizira ndinakana kukwera, ndinkapita kutchalitchi wapansi. Galimoto inkandipitirira pamsewu wafumbi uja, dzanja la wotchi lili panja, fumbi lonse pa duku langa. Lamlungu lachiwiri inaima patsogolo panga. Ndinati mwina mkazi uja watsika kuti andipatse mpando. Ayi, amene anatsika anali aSakala. Anabwera, anatenga Baibulo langa n'kulinyamula, tinayenda limodzi. Sanandinyengerere, sanandidzudzule. Mwini injini ankayenda wapansi m'fumbi la injini yake, sabata ndi sabata, mpaka ine ndinachita manyazi ndi nsapato zawo n'kubwerera kumbuyo kuja.

Kumbuyoko ambuya anu anali ndi chizolowezi. Ankanyamula mtedza wokazinga m'thumba la jekete. Galimoto ikangonyamuka ankayamba kusenda, kufikisa, kuuzira makoko, n'kundiikira m'dzanja. Ine ndinkangotambasula dzanja n'kumaponya m'kamwa, maso ali pa wigi ya bana Chanda. Wigi imeneyo ndinkaidziwa tsitsi lililonse. Ndinagula wotchi pa salaula, pakaunjika paja, yosayenda, koma kumbuyo zenera silinkatsika, choncho palibe anaiona.

Zaka zinapita. Makampani a boma anayamba kutsekedwa, ena kugulitsidwa, ndipo aSakala anauzidwa kuti akapume asanatope. Nthawi yomweyo ndi imene magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito a ku Japan anayamba kulowa, salaula wa magalimoto. Ku Livingstone kuja kunazizira. Anyamata ogulitsa ndudu dzulo ankatipitirira ndi magalimoto onyezimira, n'kumaiseka yathu yoyerayo, imene tsopano inali ya mtundu wa phulusa. Koma inkayendabe. Injini yathu sinatichititsepo manyazi.

Amene anafooka ndi mwini wake. Chifuwa chinawagwira, anaonda mpaka jekete lija linkaoneka lobwereka. Tsiku lina m'mawa analephera kudzuka. Ba Mulenga anatulutsa galimoto, tinawanyamula kupita kuchipatala chachikulu m'tauni, mutu wawo uli pamiyendo panga. Anawagoneka. Masana anamwino anatiuza kuti tibwerere kunyumba tikatenge bulangete ndi phala.

Titafika pamene tinaimika galimoto, ndinatsegula chitseko chakumbuyo n'kuima. Mpando wonse unali wanga ndekha. Pamenepo bana Chanda, amene anali atathamangira kale kutsogolo monga mwa masiku onse, anatuluka.

"Amake Dalitso, nkalani kusogolo."

Ba Mulenga anadzidzimuka. "Iwe, nanga vija?"

"Baleke bazibe. Kumbuyo beka bazalila njila yonse."

Ndinakhala pampando uja ndinkaulota. Bana Chanda anawerama, anavundukula chitenge chija, ndipo pansi pake panali chigubu cha mafuta ophikira chodzaza petulo, kapaipi katalowa pakamwa pake n'kukathera pansi pa galimoto. Anandikhazika chigubucho pamiyendo.

"Thanki inabooka kudala, mwezi wamene uja banaika injini. Ichi mugwile na kwanja iyi, paipi isachoke pansi, ikachoka motoka izazima. Kwanja inangu muchose panja, mugwile chiseko. Sichivalika. Mukachileka pa kona, tizakutolani mu ngalande."

Anandifunditsa chitenge chija kuti anthu asaone, iye n'kukalowa kumbuyo.

Ana inu, ulendo umenewo sindidzauiwala. Chitsulo cha chitseko chinkaotcha mkono ngati chiwaya. Pa bampu iliyonse petulo ankatayikira, kulowa m'chitenge mpaka pantchafu, n'kumaluma ngati tsabola. Pansi panali chibowo, msewu ndinkauona ukuthamanga pakati pa mapazi anga, ndipo mpweya wotentha wa injini, injini yathu yomweyo, unkandiwamba zala. Titafika pa kona yoyamba ba Mulenga anaweramira kwa ine n'kunong'ona kuti, "Chiseko." Pa chitunda anati, "Paipi." Njira yonse mawu awo anali awiri omwewo. Amenewo ndiwo anali mawu achikondi aja.

Polowa m'Matero tinadutsa pampopi. Azimayi anaimika zidebe, wa mulomo uja anakuwa kuti, "Amake Dalitso, lelo ni imwe!" Ndinafuna kukweza dzanja lonse, aone bwino, koma chitseko chinayamba kuthawa. Ndinangogwedeza nsonga za zala.

Titalowa pageti ba Mulenga anapita kukafuna madzi a injini, ife awiri tinatsala m'galimoto. Mkono wanga unali utauma, sunkapindika. Ndinati, "Bana Chanda, zaka zonsezi?"

"Vaka vonse. Ba Sakala ndiye banamanga paipi. Ninabapempa ati osauza amake Dalitso."

"Chifukwa chiyani?"

"Kuti museke?"

Ndinaganiza pang'ono. "Ndikanaseka, inde."

Anaseka, inenso ndinaseka, koma kuseka kwake kunasanduka kwina. Analoza kagalasi ka pambali pa chitseko, kaja aSakala anapulumutsa tsiku la ufa n'kukamangirira pa galimoto yoyerayo.

"Imwe muziba vamene nenze kuona apa? Nenze kuona ba Sakala bamusendelani nshaba. Pa bampu iliyonse benze kuika kwanja pamwamba pa mutu wanu kuti musagunde ku denga. Mukayangana kwinangu, beve bayangana imwe, bamwetulila beka monga mwana bamupasa switi. Awe mwandi, nenze kufa na jelasi. Nenze kukamba mumutima ati uyu mukazi Mulungu anamupasa vonse, injini na mwamuna, koma nkope monga bamubela."

Za dzanja pamutu ine sindinkazidziwa. Ndinkangoti denga la galimoto ija ndi lofewa.

Ambuya anu sanatulukenso m'chipatala muja. Maliro atatha, abale awo ochokera kumudzi anakhala pabwalo kugawana katundu, monga zinkachitikira masiku amenewo. Anamva kuti malemu anali ndi galimoto. Atauzidwa kuti yawo ndi injini yokha, sanabwerere m'mbuyo. Anamanga tcheni pa mango womwe uja n'kuizula, akuti ikayendetsa chigayo ku Katete. Chigayocho sichinagaye ngakhale lichero limodzi. Galimoto yoyera inakwera pa njerwa ngati zinzake, ndipo nkhuku zimene zinkaikira mazira pampando wakutsogolo zinali zanga.

Tsono musaganize kuti nsanje inathera pamenepo. Mukuyembekeza kuti ndinene kuti ndinaphunzira, ndinakhala munthu wabwino? Ayi. Mpaka lero zimandiwawa kuti theka la Matero linapita kumanda likudziwa kuti galimoto ija inali ya ba Mulenga. Ndipo pamwamba pake panabwera nsanje ina, yoposa yoyamba ija. Mkazi uja anaona mwamuna wanga akundikonda, pagalasi, Lamlungu lililonse. Nkhope imeneyo ali nayo iye m'mutu mwake. Ine ndili ndi wigi.

N'chifukwa chake mumandiona ndikukwera minibasi kupita ku Chipata komboni, m'tauni momwe muno, kumene akukhala ndi mwana wake chimwalirire ba Mulenga. Mumati ndimapita kukacheza. Ndimapita kukapempha. Ndimamugulira mabanzi, tikamwa tiyi ndimati, "Bana Chanda, tandiuzaninso, tsiku lija la ku Kafue ankaoneka bwanji?" Iye amayamba wanyada kaye, mwini katundu, kukonza duku, kutsokomola, ndiye azindigawira pang'onopang'ono. Ndimabwerako nditakhuta komanso nditakwiya.

Ndiye tamvera, Taonga. Galimoto yakoyo ikafika, ngati ifike, ulendo woyamba si wa kumalo anu odyera nkhuku aja. Tikupita ku Chipata komboni kukatenga bana Chanda. Miyendo yake inatupa, sanakwerepo galimoto imene chitseko chake chimatsekeka chokha. Akhale kumbuyo, manja onse awiri ali pamiyendo opanda chogwira, aone mmene zimakomera. Mnyamata wako wa ndevuyo akhale naye pambali. Ndimupatsa mtedza m'thumba, osamuuza chochita nawo. Iwe uziyendetsa, koma nthawi ndi nthawi uziponya diso pagalasi. Galimoto wagula usanaimvetsere, zatheka. Mwamuna usatero.

Ine ndikhala kutsogolo. Zenera utsitse, dzanja nditulutsa lonse mpaka m'phewa, ndipo pampopi paja udutse pang'onopang'ono ngakhale pano pali sitolo ya mafoni. Usandikakamize za ulemu wa alendo, kuti ambuya asiyireni bana Chanda mpando. Kumbuyo ine sindingakhaleko. Galimoto ikangonyamuka ndikhoza kuiwala, n'kutambasula dzanja kudikira mtedza.